Osanamizira kamera, vuto ndi kuwala komwe tikutolerako zithunzi za luso

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsako kampata pa tsamba lanuli. Ine ntchito yanga ndi yotola zithunzi kuno ku Mzuzu, zambiri ndi za maukwati, zinkhoswe ndi ma graduation, koma nthawi zina anyamata ndi atsikana opentapenta komanso osema ziboliboli amabwera kuti ndiwatolereko ntchito zawo zoti atumize kwa makasitomala. Nde ndati ndilembe chifukwa pali chinthu chimandiwawa ndikamaona tsamba la zaluso, la nyuzi yanu yomweyi, komanso zomwe anthu amaika pa Facebook ndi pa status ya WhatsApp. Munthu wakhala pansi masabata akujambula nkhope ya agogo ake ndi makala pa pepala loyera, kapena wasema mayi wobereka mwana pa mtengo wa phingo, ntchito yoti ukaiona ndi maso umachita kugwira pakamwa, koma chithunzi chake chikatuluka chimangokhala chibuluma chakuda bii, maso ndi mphuno osaoneka, apo ayi pepala loyera lija lasanduka lotuwa, pakati pali chibanga chowala pomwe fulashi inamenya. Woona amangodutsa, mumtima nkumati mmisiriyu ndi wophunzira kumene.

Ukawafunsa eni ake yankho limakhala limodzi, ati foni yanga ndi yotchipa, ndikanakhala ndi chikamera cha ma miliyoni bwenzi zikutuluka bwino. Ine apa ndikukana. Chithunzi chopenta kapena chojambula pa pepala, olo chikhale chakuda bii uku choyera mbee uku, pachokha sichingagonjetse kamera. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuwala kukagwa pa pepala loyera, pepalalo limabweza mwina 85 kapena 90 pa 100 iliyonse. Penti wakuda wamba amabweza 4 kapena 5 pa 100. Ndiye kuti malo oyera kwambiri amawala ka 20 kuposa malo akuda, tingoti ka 30 penti akakhala wakuda zenizeni. Ife otola zithunzi kuwala timakuwerenga m'masitopu, sitopu imodzi ndi kuwirikiza kawiri, nde 2, 4, 8, 16, 32, apo akwana masitopu 5 basi. Makamera akuluakulu amasiku ano amanyamula masitopu 12 mpaka 14, ndipo olo ka Tecno kapena ka itel ka m'thumba mwanu masitopu 5 sikangawalephere. Tsono ngati kamera ili ndi mphamvu yokwanira chonchi, chikulakwika ndi chani?

Chikulakwika ndi malo omwe tachiika chinthucho. Mnyamata amatulutsa chithunzi chake 12 koloko masana, nkuchitsamiritsa pa mtengo wa mango, theka lili padzuwa theka pamthunzi, masamba akuchita madonthomadontho pamwamba pake. Pakati pa dzuwa ndi mthunzi pali kale masitopu 3 kapena 4, mukaphatikiza ndi 5 aja ndiye mwaipanikiza foni dala. Iye payekha akuona bwinobwino chifukwa diso limatinamiza, likayang'ana pamdima limatseguka, likabwerera powala limachepetsa, ubongo nkusokerera zonse pamodzi osatiuza. Kamera ilibe mwayi umenewo, imatsegula kamodzi nkutseka, zomwe zalowa ndi zomwezo.

Chonsechotu kuno ku Mzuzu kuwala komwe anzathu a m'masitudiyo amagulira ma softbox okwera mtengo, nyale zophimbidwa ndi nsalu zofewetsa kuwala, ife timakupeza ulere. Mitambo yomwe timaidandaula ija, tsiku lonse kuli chibwanabwana cha nkhungu zovala osauma pachingwe, ndiye kuwala kwabwino zedi kotolera penti, kumafika mbali zonse mofanana popanda mthunzi wolimba. Tsiku lopanda mitambo funani khonde. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti dzuwa kwathu kuno limadzera chakumpoto, nde khoma loyang'ana kummwera limakhala pamthunzi kuyambira mmawa mpaka madzulo, pachikani pamenepo. Koma muyang'anenso zomwe zazungulira. Dothi lathu lofiirali limaponyera kufiira pa pepala loyera, nthochi za kuseri kwa nyumba zimaponyera girini, khoma lopenta pinki nalonso chimodzimodzi, ndipo mthunzi wa tsiku lopanda mitambo umakokera ku buluu chifukwa ukuwalitsidwa ndi thambo. Yalani nsalu yoyera pansi, kapena nyuzi zakale, a Mkonzi musakhumudwe, zimathandiza kwambiri pa ntchito imeneyi.

Tsopano tibwere pa mita yoyeza kuwala ya mu kamera, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amagwera. Mita imeneyi sidziwa kuti mwailozetsa pa makala kapena pa choko. Inapangidwa kuti chilichonse chomwe yaona ichikokere pakati, pa mtundu wotuwa womwe umabweza pafupifupi 18 pa 100 ya kuwala. Ili ngati mphunzitsi waulesi amene aliyense amamupatsa 50 osawerenga nkomwe pepala, wanzeru 50, wojomba kusukulu naye 50. Mukailozetsa pa chithunzi chomwe mbali yaikulu ndi yakuda, iyo imaganiza kuti kunja kwada, imatsegula kwambiri, kuda kuja kumasanduka kutuwa ndipo timalo toyera tochepa tija, maso, mano, mikanda, mwezi, timapsa kotheratu. Mukailozetsa pa pepala loyera lokhala ndi mizere ya inki imaganiza kuti kwawala udyo, imachepetsa, pepala nkutuluka lotuwa lauve. Ife a maukwati izi timakumana nazo Loweruka lililonse, diresi la mkwatibwi loyera mbee, suti ya mkwati yakuda, khungu lathu lakudali lili pakati, ukasiya kamera isankhe yokha mwina lesi ya diresi ipsa apo ayi nkhope ya mkwati isowa, ndipo apongozi sangamve zoti inalakwitsa ndi mita.

Mankhwala ake ndi kabatani kolembedwa +/- kaja, mu foni mumakapeza mu Pro mode kalembedwa EV. Chithunzi chikakhala chakuda kwambiri tsitsani, -1 kapena kupitirirako pang'ono. Chikakhala cha pepala loyera kwezani, +1 mwina mpaka +2. Zimamveka zozondoka, munthu amafuna kuwalitsa chakuda ndi kudetsa choyera, koma ganizirani za mita ija muona kuti mukungoibweza pomwe yalakwitsa. Mafoni ambiri ukadina pa sikirini nkugwira pang'ono amaloka, kenako umakoka kadzuwa kali pambali kaja kukweza kapena kutsitsa. Amene ali ndi kamera yokhala ndi M pa gudumu lake, yomwe imalola kusintha manambala ndi manja, zake ndi zophweka kuposa apa. Ikani grey card patsogolo pa chithunzi, ndikunena kakhadi kotuwa kobweza 18 pa 100 komweko, kadzadze mu kamera, sinthani mpaka mita ifike pa 0, chotsani khadi, basi osakhudzanso. Bola kuwala kusasinthe, mutha kutola ntchito zonse za tsikulo ndi manambala omwewo, chakuda chituluka chakuda choyera chituluka choyera, chifukwa mwayeza kuwala komwe kukugwa osati mtundu wa penti. Khadi likasowa matani kapepala koyera pambali pa chithunzi, kakuthandizani kawiri, kuona ngati zoyera zapsa komanso kukonzera white balance, kutanthauza kuti zoyera zituluke zoyeradi osati zachikasu kapena zabuluu, mudzakadula pambuyo pake.

Ndipo chonde osakhulupirira sikirini. Panja imaoneka yakuda, m'chipinda usiku imaoneka yowala, ina imakometsa mitundu dala kuti foni igulidwe. Chokhulupirika ndi histogram, kagirafu ka timapiri kaja komwe anthu ambiri amakazimitsa poganiza kuti kakuwatchinga. Kumanzere kwenikweni ndi 0, kuda kopanda kanthu, kumanja kwenikweni ndi 255, kuyera kopanda kanthu. Chithunzi cha makala pa pepala chimaonetsa mapiri awiri, lina kumanzere lina kumanja pakati pali chigwa, zimenezo si vuto ayi, ndi mmene ntchitoyo ilili. Vuto ndi pomwe phiri lakanirira kukhoma. Ine ndimafuna pepala likhale cha pa 235 mpaka 245, kuda kukhale cha pa 10 mpaka 20, kuti njerenjere za pepala ndi mizere ya burashi zioneke mbali zonse. Mukakakamizika kusankha tetezani zoyera, chifukwa pamdima mutha kukokako pang'ono pa kompyuta koma malo omwe afika 255 mulibemo chilichonse choti nkubweza.

Koma mdani wamkulu wa zinthu zakuda ndi kunyezimira, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Kuwala kukamenya chinthu chosalala kumabwerera mopendekeka chimodzimodzi mmene kwafikira. Fulashi ya foni ili pafupi ndi lensi, nde kumapita molunjika nkubwerera molunjika m'diso la kamera, chibanga choyera chija ndi chimenecho. Zimitsani, palibe tsiku lomwe fulashi ya pa foni idzathandize chithunzi chopenta. Koma olo muzimitse nkhani siinathe. Penti wakuda wonyezimira, kapena wopakidwa vanishi, amaonetsa chilichonse chomwe chili kutsogolo kwake, thambo, zenera, khoma loyera la aneba, malaya anu oyera, ndipo zimenezi sizioneka ngati zinthu ayi, zimangobwera ngati chifunga chotuwa pamwamba pa kuda, munthu nkumati kamera yanga ilibe mphamvu. Pa penti woyera chifunga chomwecho sichidziwika chifukwa wawala kale, nchifukwa chake vutoli limalimba pa ntchito zakuda. Onani zithunzi za sitayilo ya Tingatinga zomwe zinachokera kwa anzathu a ku Tanzania, zomwe Edward Saidi Tingatinga anayambitsa ku Dar es Salaam cha m'ma 1968 ndi penti wa njinga, mitundu yake ndi yaukali, mizere yakuda, pamwamba pakuchita phuliphuli, ukazitola mosasamala theka la nyama limasowa m'kuwala. Achinyamata ojambula nkhope ndi pensulo nawonso amadabwa, pomwe anakanikiza kwambiri kuti tsitsi lide ndi pomwe pamatuluka potuwa ponyezimira, chifukwa mtovu wa pensulo ukapakidwa mothina umasalala nkuyamba kuwala, pomwe makala sachita zimenezo.

Nde chitani chonchi. Imani pomwe kamera iime, diso lanu pomwe pali lensi, yang'anitsitsani malo akuda kwambiri, sunthani mutu pang'ono uku ndi uku. Mukaona chifunga chikuyenda nanu dziwani kuti kumbuyo kwanu kuli chowala. Kuwala kuchokere m'mbali, kumbuyo kwa kamera kukhale mdima. Valani zakuda, si maliro ayi ndi ntchito. Pachikani nsalu yakuda yaikulu kumbuyo kwanu, kapena iboole kabowo pakati lensi isuzumire pamenepo, wina akugwirireni. Chithunzi chikakhala mu fulemu ya galasi pemphani mwini wake achitulutse, akakana ndiye nsalu yakuda ija ndi yokhayo ingakupulumutseni. Amene ali ndi ndalama agule fyuluta ya polarizer, umaizungulitsa pa lensi kunyezimira nkumachepa ukuona, koma imadya kuwala sitopu imodzi kapena awiri, komanso ukapyoletsa chithunzi chimafa, mizere ya burashi imasowa, penti wa golide amasanduka wachikasu wamba, mitundu imalimba kuposa mmene mmisiri anaisakanizira. Ine ndimasiyako pang'ono kuti munthu adziwe kuti ndi penti osati pulinti. Magalasi a dzuwa a polarized kutsogolo kwa foni amagwirako ntchito pangozi, kungoti amadetsa mitundu ndi utoto wawo.

Chinthu china chochititsa manyazi kuchitchula, pukutani lensi. Foni yachoka m'thumba, yagwiridwa ndi manja omwe angodya chipisi pa depoti, mafuta aja amamwaza kuwala chithunzi chonse nkuchita mbuu, kuda konse kumathera pomwepo. Kansalu kofewa basi. Ndipo thambo lowala likakhala pamwamba pa lensi tchingani ndi dzanja kapena katoni.

Wofuna kutola usiku kapena m'nyumba apeze mababu awiri ofanana ndendende, lina kumanzere lina kumanja, lililonse lipendekeke madigiri 45 ndi chithunzi, mtunda wofanana, ndipo atalikireko ndithu chifukwa babu likayandikira mbali yapafupi imawala kwambiri kuposa yakutali. Poyesa imikani pensulo pakati pa chithunzi, iponya mithunzi iwiri, ikada mofanana ndiye kuti mababu ali bwino. Osasakaniza babu lachikasu la 2700 K ndi loyera la 6500 K, manambalawa amalembedwa pa kabokosi kake, mukasakaniza mbali ina ya pepala ikhala yachikasu ina yabuluu ndipo palibe app ingakonze. Magetsi athu ndi a 50 Hz, mababu ena otchipa amaphethira mwachangu diso osaona, chithunzi nkutuluka ndi mizere yopingasa, nde shata, nthawi yomwe kamera imakhala yotsegula, ikhale 1/50 ya sekondi kapena yochedwa kuposa apo. Koma poti magetsi ake mukuwadziwa mmene amakhalira, ine ndimangoti khonde masana.

Zina ndi zachidule. ISO, nambala yosonyeza mmene kamera ikukuzira kuwala komwe yalandira, ikhale yotsikitsitsa, 100 kapena 50 ngati ilipo, chifukwa timchengamchenga ta ISO yokwera timayambira pamdima pomwepo. Pa kamera yaikulu f/8, nambala ya kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala mu lensi, ndi yabwino. Shata ichedwa, nde kamera isagwiridwe m'manja, thiraipodi ikasowa mpando ndi thumba la mpunga kapena nyemba zikwana, ikani timer ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze. Lensi ya foni ndi yotambalala, mukayandikira mbali za chithunzi zimapindika, bwererani m'mbuyo mudzadule pambuyo. Kamera iyang'ane pakati penipeni, gundikani kagalasi koonera pakati pa chithunzi, mukaona lensi yanu m'menemo ndiye mwalunjika. Batik, nsalu yojambulidwa ndi utoto ija, isiteni kaye ndipo kumbuyo kwake muike nsalu ya mtundu umodzi, chifukwa batikiyo ndi yopyapyala imaonetsa njerwa. Zonsezi zimadya mphindi zingapo, akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali nzeru zina za mu foni zomwe ndimazida pa ntchito imeneyi, HDR ndi night mode. Pa malo okongola, tinene dzuwa likutuluka ku Nkhata Bay, HDR ndi yabwino, imatola zithunzi zingapo nkuziphatikiza kuti thambo lisapse komanso mabwato aoneke. Koma pa chithunzi chopenta imalowerera ntchito ya mwini. Mmisiri anafuna dala kuti theka la nkhope limire mumdima, anaganiza, anasankha, foni nkubwera kumati apa pada ndiwalitse, apa pawala ndidetse, mapeto ake chithunzi chosalala chopanda ukali, m'mphepete mwa mizere yakuda muli kachingwe koyera komwe pa pepala palibe. Zimitsani HDR, ma filter onse, ndi beauty yomwe, imeneyo imafufuta makwinya a agogo omwe munthu wawajambula mmodzimmodzi.

Ziboliboli ndiye nkhani ina, zomwe ndanena za masitopu 5 zija apa sizikwanira, chifukwa chiboliboli chimadzipangira mithunzi chokha komanso chili ndi mbali zambiri zonyezimira. Pitani pomwe amagulitsa mu msewu wa ku Nkhata Bay muone, njovu, mipando ya mafumu, mitu ya anthu, zonse zakuda zopakidwa polishi wa nsapato mpaka kuwala. Alendo amatola padzuwa nkupeza chinthu chakuda chokhala ndi timadontho toyera. Chinsinsi chake nchakuti chinthu chakuda chonyezimira sitichiona ndi kuwala komwe kwagwapo, timachiona ndi zomwe chikuonetsa. Pa penti wafulati kunyezimira timakuthawa, pa chiboliboli timakufuna, koma kukhale kwakukulu kofewa osati kadontho. Ikani chiboliboli pafupi ndi zenera lotchingidwa ndi nsalu yoyera, zenera likhale chambali, mbali inayo imikani katoni yomatidwa pepala loyera, muziyendetsa katoniyo uku mukuyang'ana mu kamera, muona tsaya likutuluka, kenako mlomo, kenako mizere ya tsitsi yomwe wosema anakhalira tsiku lonse. Katoni ina mmwamba chakumbuyo imajambula mzere wowala pa phewa ndi pamutu, chinthu nkusiyana ndi kumbuyo kwake. Ndipo kumbuyoko kusakhale koyera. Anthu amakonda kuyala nsalu yoyera ati kuti chioneke, koma ndiye mwaipusitsanso mita ija komanso kuyerako kumalowa mu lensi nkutuwitsa mtengo. Nsalu yotuwa kapena khoma la simenti losapenta, chiboliboli chitalikire khomalo mita imodzi kapena kuposa.

Phingo weniweni ali ndi mtima wakuda koma kunja kwake ndi koyererako chachikasu, ndipo osema aluso amasiyako dala kuti pakhale mpango kumutu kapena tsinde lowala. Pamenepo yezerani pa mbali yowalayo isapse, yakudayo muiwalitse ndi makatoni aja. Apa ndi pokhapo ndimavomera kutola katatu, -1, 0 ndi +1, kamera osaisuntha, musankhe kapena muphatikize mosamala. Ndipo mukagwirizana ndi wosema mutole asanapake polishi womaliza, mtengo usanayambe kuwala kwambiri umaonetsa mizere ya sompho ndi mpeni bwino.

Foni kapena kamera ikakhala ndi RAW, fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona, mu mafoni imalembedwa DNG, gwiritsani ntchito. JPEG, fayilo wamba ya chithunzi, imasunga masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, RAW ya 12 bit imasunga 4096, ya 14 bit 16384, nde pokonza mithunzi simuona kuduka kwa mitundu. Koma pokonzapo ndi pomwe pali yesero. Ma app aulerewa ali ndi contrast ndi saturation, munthu amakoka mpaka chithunzi chikukuwa kuposa chenichenicho, kasitomala wa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg nkutumiza ndalama, katundu akafika ayamba kuimba foni kuti si ichi ndinaona ine. Konzani chenichenicho chili pambali panu pa kuwala komweko, diso pa sikirini diso pa penti, zikafanana lekani. Ndikumbutsenso opita ku Chongoni ku Dedza, komwe kuli malo 127 a zojambula za pamiyala zomwe UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kuti zowaza madzi pamwala ati kuti zofiira ndi zoyera zija zioneke bwino mu kamera ndi kuononga, utoto wake ndi wa dothi ndipo palibe adzaupakenso. Dikirani mtambo.

Mwavutika chonsecho kenako nkutumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, ndiye mwataya theka la ntchito. WhatsApp imachepetsa chithunzi kufika cha m'ma pixel 1600 mbali yaitali ndi kuchifinya, ndipo kufinyako kumaonekera msanga malo akuda, mumatuluka timabokosibokosi. Tumizani ngati document, bandulo idyekako koma chifika chathunthu. Screenshot ndiye ayi ndithu. Posindikiza bwino pamafunika ma pixel 300 pa inchi, kutanthauza kuti chithunzi cha ma pixel 3000 chikwana mainchesi 10, pafupifupi masentimita 25, owerengera katalogu kapena kalendala aziyambira pamenepo.

Tsono a Mkonzi ndibwere kwa inu, chifukwa mbali ina ndi yanu. Pepala la nyuzi silili loyera kwenikweni ndipo limamwa inki, kadontho kalikonse kamafufuma, nde malo omwe pa kompyuta akuoneka akuda koma muli zinthu, pa pepala amatsekeka nkukhala phala lakuda lokhalokha. Anyamata anu a pa kompyuta akudziwa zimenezi pa nkhope za andale, amaziwalitsa bwinobwino tsamba loyamba, koma chikafika chiboliboli cha mnyamata wa ku Chibavi kapena Mchengautuwa chimangoponyedwa mmene chabwerera. Atsegulireko mithunzi pang'ono posindikiza. Chojambula cha makala kapena inki chisindikizidwe ndi inki yakuda yokha osati mitundu inayi yonse, chifukwa mapuleti osindikizira mitunduyo akasemphana pang'ono mizere imatuluka ndi mphonje zofiira ndi zabuluu. Mtolankhani akapita ku chionetsero asangoima pakhomo nkuthwanimitsa fulashi pa khoma lonse, apemphe chithunzi chimodzi achitulutsire pakhonde, kapena apemphe fayilo kwa mwini wake. Ndipo osachidula kuti chikwane mu kadanga kotsala, mmisiri anaganizira pomwe mbali zithere.

Pansi pake lembani dzina la mmisiri, osangoti luso la kumpoto. Tili ndi lamulo la Copyright la 2016 ndipo COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni ntchito zaluso, ilipo kuyambira 1992, mwini wa ntchito ali ndi ufulu wotchulidwa, ine wotola ndikhoza kulembedwa ndi timalemba tating'ono m'mbali koma dzina lalikulu ndi lake. Muonjezerepo chomwe anagwiritsa ntchito, kaya makala, akiriliki pa kanvasi, phingo kapena mtengo wina wodetsedwa, chaka, komanso kukula kwake m'masentimita, chifukwa pa pepala kanjovu kokwana m'thumba ndi njovu yofika m'chiuno zimaoneka zofanana, ndipo wofuna kugula akaimba foni funso lake loyamba limakhala lomwelo.

Yewo chomene,

Wotola zithunzi,
Katoto, Mzuzu